Mizukwa ya mu Pac-Man siyenda mwachisawawa

Ambiri kuno ku Mzuzu amene anasewerapo Pac-Man, gemu imene kamunthu kotchedwa Pac-Man kamadya timadontho m'bwalo kwinaku kakuthawa mizukwa inayi, amakhulupirirabe kuti mizukwayo imangoyenda mwachisawawa. N'chifukwa chake wachinyamata wa ku Katoto kapena ku Chibavi akamajambula kakatuni kokumbukira gemuyi pa laputopu, mizukwa yake imangondondozana ngati anapiye, ndipo wodziwa amaona msanga kuti pali cholakwika.

Gemuyi inatulutsidwa ndi kampani ya Namco mu 1980, ndipo mzukwa uliwonse uli ndi lamulo lake. Bwalo lonse linagawidwa m'timabokosi. Wofiira, Blinky, amalunjika kabokosi komwe Pac-Man ali. Wapinki, Pinky, amalunjika timabokosi 4 kutsogolo kwa Pac-Man kuti amutsekere njira. Inky ndiye wovuta kujambula: muwerenge timabokosi 2 kutsogolo kwa Pac-Man, mukoke mzere kuchokera pa Blinky kufika pamenepo, kenako muutalikitse kawiri, pothera pake ndi pomwe Inky akulowera. Mukamusuntha osayang'ana Blinky, mwaphonya. Clyde, wa olenji uja, amathamangitsa akakhala patali kuposa timabokosi 8, koma akayandikira amatembenukira ku ngodya ya kumanzere, m'munsi. Wamantha ameneyu!

Komanso mizukwayi sithamangitsa nthawi zonse. Pa levulo yoyamba imayamba ndi masekondi 7 yobalalikira ku ngodya zake, kenako masekondi 20 othamangitsa. Lamulo likasintha chonchi, yonse imabwerera m'mbuyo nthawi imodzi. Imateronso Pac-Man akadya kadontho kakakulu. Apo ayi, mzukwa sutembenuka pakati pa njira.

Chisawawa chenicheni chimabwera Pac-Man akadya kadontho kakakulu, mizukwa n'kusanduka ya buluu. Pokhapo ndiye imasankha njira mwamwayi.