Galu wa Joshu ndi galu wa mu class yanuyo

Ndatopa nazo ine, ndinene poyera. Achinyamata akabweretsa code yawo pofunsira ntchito, ngati anapangana, onse amayamba ndi class Nyama, pansi pake Galu extends Nyama, Mphaka extends Nyama, galu auwe mphaka alire, basi munthu wadziwa OOP, object-oriented programming, luso lolemba pulogalamu ndi ma class, zikombole zoumbira zinthu zotchedwa ma object. Ukafunsa kuti inheritance, yoti class itengere zochita za inzake ngati mwana kwa kholo, unaiikirenji apa yankho ndi lomwe lija analoweza pa YouTube, "chifukwa galu ndi nyama." Ee zoona, palibe wakana. Koma anakuuzani ndani kuti pulogalamu yanu ikufunsa zimenezo?

Pali galu wina amene ndimafuna mumudziwe. Ku China m'zaka za m'ma 800 kunali mphunzitsi wa Zen, nthambi ya chipembedzo cha Buddha, dzina lake Zhaozhou, ku Japan amati Joshu. Mmonke wina anamufunsa ngati galu ali ndi chikhalidwe cha Buddha kapena ayi, mkuluyo anangoti "Mu", kutanthauza kuti palibe. Nkhaniyi ndi yoyamba pa nkhani 48 za m'buku la Mumonkan lomwe linasonkhanitsidwa mu 1228. Povuta ndi apa, chiphunzitso chawo chomwecho chimati chamoyo chilichonse chili nacho chikhalidwecho, ndiye mkulu wa mpingo akukana bwanji? Ndipo m'zolemba zina Joshu yemweyo atafunsidwa funso lomwelo anati ee, ali nacho. Ophunzira Zen amakhala nayo nkhaniyi zaka, ine si mmonke ndipo sindinamizira. Koma ife a makompyuta tinabwereka Mu ameneyu kalekale ndipo timamumva motere: ukati ee walakwa, ukati ayi walakwanso, chifukwa chopindika ndi funsolo.

Funso loti "kodi chakuti NDI chakuti" ndi galu wathu ameneyo. Ndipo linandiluma.

Zaka zingapo zapitazo ndinaitanidwa kukabungwe kena kobwereketsa ndalama kuti ndikaone sisitimu yawo yolembedwa m'chilankhulo cha makompyuta cha Java. Amene anailemba sanali mbuli ayi, anachita zomwe tonse tinaphunzitsidwa. Pamwamba class Munthu, pansi ana awiri, Wantchito ndi Wobwereka. Zinayenda bwinobwino mpaka tsiku lomwe bodi inalola kuti ogwira ntchito nawonso azitenga ngongole. Tsono mayi wosesa mu ofesi akatenga ngongole, ndi Wantchito kapena Wobwereka? Java salola class kukhala ndi makolo awiri, ndiye mnyamata uja anapanga class yachitatu, WantchitoWobwereka, n'kukopera code yowerengera chiwongoladzanja kuchoka kwa Wobwereka n'kuimata mmenemo. Zinagwira, anamuyamikira, patapita nthawi anapeza ntchito ina n'kumapita.

Kenako bungwe linatsitsa chiwongoladzanja. Wobwera pambuyo anasintha pamalo amodzi, sanadziwe kuti pali pachiwiri, angadziwe bwanji poti palibe analemba paliponse. Anthu akunja anayamba kulipira zotsika, a m'nyumba momwemo akudulidwabe zakale pa malipiro, miyezi ndithu. Amene anatulukira si akauntanti, si ine, ndi mayi wosesa uja. Anabwera ndi kakope ka mwana wa pulayimale komwe amalembamo ndi pensulo mwezi ndi mwezi zomwe amudula, anakaika pa desiki mwaulemu n'kuti "abwana, mwina ndine wosaphunzirane koma apa sizikugwirizana." Ndinatsegula code ndi manyazi ngati ndalemba ndine. Ndipo chimene chimandiwawabe mpaka lero n'choti miyezi iwiri m'mbuyomo class imeneyo ndinaiona, ndinaseka dzina lake, ndinati tidzakonza tikapeza mpata.

Mayiyo sanali Wantchito, sanali Wobwereka, sanalinso zonse ziwiri zomatidwa pamodzi. Mu. Anali munthu amene ALI NDI mgwirizano wa ntchito, ALI NDI ngongole, mawa akhoza kusiya ntchito ngongole n'kutsala, mkuja akhoza kuimirira mnzake pa ngongole ina. Munthu mmodzi, maudindo omwe amabwera n'kupita. Object ikabadwa mu class inayake imafera momwemo, pomwe anthu amasintha, ndiye ukatenga chinthu chosintha n'kuchikhomera mu inheritance wadzitchera wekha msampha. Kukonza kwake kunali kophweka pa pepala, Munthu mmodzi, Ngongole payokha, chiwongoladzanja chiwerengedwe pamalo amodzi basi, koma poti tinachedwa ma report onse anali atatsamira kale pa class yopindika ija ndipo ntchito ya masiku awiri inatidyera milungu.

Sindifotokoza za sikweya ndi rekitango, amene mwadutsa ku koleji mukuidziwa. Ku masamu sikweya ndi rekitango, mu code mukatalikitsa mbali imodzi yokha sikweya uja wafa. Katswiri wa makompyuta Barbara Liskov anaika lamulo lake mu 1987, kuti mwana akaikidwa pamalo a kholo pulogalamu isazindikire kuti pasintha kanthu. Onani kuti lamulolo silikufunsa kuti chinthucho ndi chiyani, likufunsa kuti chimachita bwanji ena akachituma.

Ndipo si nzeru yatsopano iyi. Ma class anachokera ku chilankhulo cha Simula 67 cha Ole-Johan Dahl ndi Kristen Nygaard ku Oslo, koma amene anatchukitsa dzina loti object-oriented ndi Alan Kay wa chilankhulo cha Smalltalk ku malo a kafukufuku a Xerox PARC, ndipo mu 1998 iye mwini anadandaula kuti mawu oti object anasocheretsa anthu, chachikulu chinali mauthenga omwe ma object amatumizirana. Anabwerekanso kamawu ka Chijapani, "ma", kutanthauza danga lomwe lili pakati pa zinthu. Ndiye tangoganizani, dzina la luso lonseli likuloza chinthu, mwini dzina akuti musayang'ane chinthucho yang'anani pakati. A Zen ali ndi fanizo la chala choloza mwezi, ife takhala zaka tikupenta chikhadabo.

Mukafuna kuzunguzika pang'ono tsegulani Python mulembe type(type), ikuyankhani kuti type. Funsani ngati object, kholo la ma class onse, ndi instance ya type, ndiye kuti chopangidwa kuchokera kwa type, iti True. Funsani ngati type ndi instance ya object, itinso True. Kholo ndi mwana wa mwana wake, ndipo chilankhulocho chikuyenda tsiku ndi tsiku osagwa. Ine zimenezi zimandiuza kuti mtengo wa mibadwo uja, wa agogo pamwamba zidzukulu pansi, ndi chithunzi chomwe timajambulira ophunzira, maziko enieni sali choncho.

Tsono chenjezo, chifukwa ndikudziwa ena mwayamba kale kusangalala. Pali asing'anga a code. Munthu walemba zosamveka, ukamufunsa pa review akuyankha ndi mwambi, ati code yabwino ndi yomwe sinalembedwe, ati ukamvetsa sudzafunsanso. Achimwene, Joshu sankasunga ndalama za anthu. Amene akulephera kukufotokozerani design yake m'mawu wamba, kapena kukuonetsani test yomwe ikufa akasintha mzere, musamupatse database yanu ngakhale atavala nkhope ya mneneri. Ngakhale Zen of Python ya Tim Peters, yomwe imatuluka mukalemba import this, ambiri amangoitchula dzina, koma mkati mwake ikulimbikitsa zomveka ndi zosabisika, zotsutsana ndi utsi umene asing'angawa amafukiza. Enanso ndi aja a makosi olipira, OOP yonse pa sabata imodzi, satifiketi yokongola, ndipo chomwe mwatuluka nacho ndi galu wouwa uja. Palinso gulu lina lomwe lamva kuti inheritance ndi yoipa ndiye likuthyola chilichonse, ma interface khumi pa ntchito ya function imodzi, amenewo angosintha yankho kuchoka pa ee kupita pa ayi, funso likadali lomwe lija.

Koma choopsa kuposa asing'anga ndi "tidzakonza". Mu Java muli class ya Stack yomwe anaipanga mwana wa Vector kuyambira version yoyamba ya 1996, zotsatira zake mutha kulowetsa chinthu pakatikati pa stack, zomwe stack siyenera kulola n'komwe, poti ndi mulu womwe umaika ndi kuchotsa pamwamba pokha. Eni ake akudziwa, zolemba zawo zimakulangizani kuti mugwiritse Deque m'malo mwake, koma kuichotsa sangathe chifukwa mapulogalamu osawerengeka anamangidwa kale pamwamba pake. Ngati akatswiri amenewo zinawakanika, kasisitimu kanu ka ku ofesi musaganize kuti mudzakawongola chaka chamawa. Mukangoona class yokhala ndi mayina awiri omatidwa, kapena mwana amene akulandira method ya kholo n'kuponya exception yoti ine izi sindichita, kapena if instanceof yamera m'mafayilo atatu, imani sabata yomweyo mukonze, ma report asanayambe kutsamirapo.

Mayi uja ndalama zake anamubwezera pamodzi ndi anzake onse. Nditapitako komaliza ndinamuuza kuti tsopano sisitimu ili bwino, anathokoza, koma kakope kaja kanali m'thumba la epuloni ndipo anati apitiriza kulemba.