Musasayine kalata yosiya ntchito, ndipo musadikire kuti akuitaneni

Ndatopa nawo mawu akuti "abwana anandichitira chifundo, ndiye sindinafune kuwadandaulira." Amene amandiuza zimenezi nthawi zambiri amakhala munthu woti wachotsedwa ntchito atalumala, wadulidwa mwendo, kapena maso asiya kuona bwino, kapena stroko yamugwira mkono. Chifundo chimene akunenacho chimakhala thumba la chimanga ndi malipiro a mwezi umodzi, basi. Amabwera kwa ine kudzafuna thandizo la zamalamulo chimangacho chitatha kalekale, ndipo pamenepo nthawi imene lamulo linamupatsa yoti adandaule imakhala itathanso.

Munthu waulumali pantchito sakhalira chifundo cha bwana. Gawo 20 la malamulo oyendetsera dziko lino limaletsa kusala munthu, ndipo ulumali unatchulidwa momveka pamndandanda wa zifukwa zoletsedwa. Lamulo la za ntchito la chaka cha 2000 limabwereza zomwezo pa gawo 5, kenako pa gawo 57 limanena kuti ulumali, ngakhalenso kujomba kwa kanthawi chifukwa cha matenda kapena kuvulala, si chifukwa chochotsera munthu ntchito. Amene wagwira ntchito miyezi 12 ali ndi tchuthi cha matenda cha masabata anayi pa malipiro onse ndi masabata ena asanu ndi atatu pa theka la malipiro, bola pakhale kalata ya dokotala. Izi sizinayambe dzulo. Koma mabwana ambiri amachita ngati sanamvepo, ndipo antchito ambiri sanamvepodi.

Chimene ndikufuna mugwiritsitse ndi miyezi itatu. Gawo 62 la lamulo lomweli limati munthu amene akuona kuti wachotsedwa ntchito mopanda chilungamo akadandaule kwa mkulu wa ofesi ya leba ya m'boma lake isanathe miyezi itatu chichotsedwereni. Kumeneko amaitanitsa abwana anu n'kuyesa kukugwirizanitsani. Zikakanika, nkhani imapita ku khoti la za ntchito, la Industrial Relations Court, komwe munthu akhoza kudziyankhulira yekha popanda loya. Ndipo kukhotiko amene ayenera kupereka chifukwa chomveka chokuchotserani ndi bwana, si inu. Akalephera, lamulo limatenga kuti anakuchotsani molakwika. Mpata umenewu ndi waukulu, koma anthu amautaya ali chikhalire pakhonde, kudikira foni.

Pali bambo wina amene nkhani yake imandiwawabe. Ankagwira ntchito yolemba katundu wolowa ndi wotuluka pa nyumba ina yosungiramo katundu, ntchito ya cholembera ndi buku, yokhala pampando. Anachita ngozi ya minibasi popita kumaliro kumudzi, ndipo madokotala anadula mwendo m'munsi mwa bondo. Atatuluka m'chipatala anapita kuntchito ndi ndodo zake ziwiri kukadzionetsa. Anamulandira bwino, anamuthirira tiyi, n'kumuuza kuti "pumulani kaye bambo, mukapeza bwino tikuitanani." Potuluka anamupatsa envulopu ndi pepala loti asayine, akuti n'longosonyeza kuti walandira ndalamazo. Anasayina ataimirira pa ndodo, osawerenga, poti anthu amenewa anali atamuyendera kuchipatala ndi nthochi ndi Sobo. Angawakayikire bwanji?

Pepalalo linali kalata yoti iye wasiya ntchito mwa kufuna kwake.

Anadikira. Akaimba foni ankamuuza kuti abwana ali pamsonkhano. Achibale ankamulimbikitsa kuti kuona maso a nkhono n'kudekha, usawapsetse mtima, angasinthe maganizo. Mmene ankafika kwa ife chaka chinali chitadutsa, pampando pake pali munthu wina, ana awiri atasiya sukulu. Anatulutsa mapepala m'jumbo: buku la kuchipatala, chiphaso cha kuntchito chofufuma, ndi kope la kalata ija, limene anachita kulipempha movutikira. Siginecha inali yake, sanakane. Munthu wosiya yekha ntchito salandira ndalama ya severance, imene amapatsidwa munthu akachotsedwa ntchito, ndipo kuti tikatsutse kalatayo tinafunika umboni woti ananyengedwa. Mlonda amene anaona zonse anali atachoka kale pakampanipo, osadziwika kumene analowera. Tinayesetsa, anapezako kenakake pokambirana, koma n'zochepa kwambiri poyerekeza ndi zimene akanapeza akanabwera mwezi woyamba. Chimandipweteka n'chakuti ntchito yakeyo sinkafuna miyendo iwiri. Chimene chinkafunika ndi kutsitsa tebulo lake kuchoka ku ofesi yokwera masitepe n'kuliika pansi, pafupi ndi geti pamene katundu amalowera.

Mabwana ena amandifunsa mokwiya kuti kodi tizisunga munthu amene sangathenso ntchito? Lamulo silinanene choncho. Ngati dalaivala wa lole wasiya kuona, palibe amene angakuuzeni kuti mumupatsebe makiyi. Koma musanamuchotse muyenera kumumva, kuona zimene dokotala walemba, ndi kufufuza ngati pali zosintha zotheka kuti apitirize: ntchito ina pakampani pomwepo, maola ena, chipangizo chomuthandiza. Ngati zonse zakanikadi, mumuchotse poyera, molemba, ndi malipiro ake onse. Zomunamiza kuti asayine ngati wasiya yekha ndi kuba, kaya munamuthirira tiyi kaya ayi.

Pa nkhani yomumva munthuyi pali chinthu china chimene chimachitika mopanda manyazi. Wantchito wosamva amamuitanira kumsonkhano womuzenga mlandu wa kuntchito, anthu asanu n'kumayankhula, iye akungoyang'ana milomo, mapeto ake n'kulemba mu maminitsi kuti "anapatsidwa mwayi wodziteteza ndipo sananene kanthu." Ananena bwanji kanthu popanda womasulira chinenero chamanja? Omasulira ndi ochepa m'dziko muno, zimenezo n'zoona, koma bungwe la anthu osamva la MANAD lilipo ndipo lingakulozereni. Mukhoza kusuntha tsiku la msonkhano. Chimodzimodzi munthu wosaona: musamupatse chikalata cha masamba anayi n'kumulozera posayina. Abwere ndi munthu amene iye wamusankha kuti amuwerengere.

Nanga boma likuchitapo chiyani? Pa mapepala lachita zambiri. Dziko lino linavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali mu 2009. Mu 2012 kunabwera lamulo la za ulumali, limene linali ndi mawu abwino koma mano ochepa. Mu 2024 kwabwera latsopano, la Persons with Disabilities Act, limene linafafaniza la 2012 pamodzi ndi lakale la 1971, ndipo bungwe lija loona za anthu aulumali tinkalidziwa kuti MACOHA linasanduka MACODA, lokhala ndi udindo woyang'anira ngati ufulu umenewu ukutsatidwa ndi kulandira madandaulo. Kalembera wa 2018 anapeza kuti pa anthu 100 alionse a zaka zisanu kupita m'mwamba, oposa pang'ono 10 ali ndi ulumali. Si kagulu kakang'ono ayi. Komabe pitani m'maofesi ambiri, a boma omwe, mukaone masitepe, zimbudzi zoti njinga ya olumala singalowe, ndi timarampu tomangidwa mwachiphamaso, totsetsereka moti woyendetsa njinga sangakwere popanda womukankha. Rampu yabwino ikakwera mita imodzi imafuna mamita 12 m'litali. Amisiri amadziwa, kungoti palibe wowafunsa.

Ine ndaona kuti maofesi a boma sayenda ndi nkhani ya pakamwa. Mukadandaula kwa mfumu, kutchalitchi, kapena pa Facebook, anthu adzakumverani chisoni, koma palibe faelo imene yatsegulidwa. Lembani. Tsamba limodzi n'lokwanira: ndinu ndani, chinachitika n'chiyani, tsiku liti, ndipo mukufuna chiyani. Lembani m'Chichewa ngati ndi chimene mumatha. Pangani makope awiri, lina akudindireni chidindo ndi deti, mubwerere nalo kunyumba. Ngati amene wakulakwirani ndi ofesi ya boma, sukulu ya boma imene yabweza mwana chifukwa amayenda ndi njinga, kapena chipatala cha boma, gawo 43 la malamulo oyendetsera dziko limakupatsani mphamvu yopempha zifukwa zolembedwa. Ofesi ya Ombudsman ndi bungwe la Malawi Human Rights Commission amalandira madandaulo otere popanda malipiro. Koma dziwaninso kuti ngati mukufuna kuti High Court iunikenso chiganizo cha ofesi ya boma, kumenekonso malire ndi miyezi itatu. Musamathe miyezi isanu mukuyendera "mubwere mawa."

Tsopano madobadoba. Awa ndiye amandikwiyitsa kuposa mabwana. Amaima pafupi ndi makhoti ndi maofesi a boma, taye pakhosi, faelo m'khwapa, ndipo munthu wa ndodo kapena wa njinga amamuonera patali. Amadziwa kuti masitepe akuvutani, ndiye amati "khalani pompano amayi, ndikulowereni ine, ndimadziwana ndi akuluakulu." Amayamba ndi ya fomu, kenako ya chidindo, kenako ya "kufewetsa" kalaliki. Bambo ndanena uja anapereka ndalama kwa mmodzi wa iwo, zochokera mu envulopu yomwe ija, n'kumupatsanso kalata yake yeniyeni yolembedwera ntchito. Kalatayo sinabwererenso. Kudandaula ku leba sikulipiritsidwa. Loya weniweni ali ndi chiphaso cha chaka chimenecho ndipo dzina lake limapezeka pa mndandanda wa Malawi Law Society. Ali ndi ofesi, ndipo amapereka lisiti. Ngati mulibe ndalama ya loya, pitani ku Legal Aid Bureau, ndi ya boma ndipo inakhazikitsidwira anthu ngati inu. Aliponso ena amene amayenda m'midzi kulemba mayina a anthu aulumali n'kumatolera ndalama ya "kulembetsa" kuti mudzalandire njinga kapena chipukuta misozi. Musanapereke tambala, funsani ku ofesi ya zachisamaliro cha anthu pa boma kapena ku FEDOMA, mgwirizano wa mabungwe a anthu aulumali, ngati akuwadziwa.

Ngati masitepe a ofesi akulepheretsani kukwera, musapereke mapepala anu kwa munthu wa panja. Tumizani m'bale wanu akaitane wogwira ntchito mu ofesimo kuti atsike adzakuthandizeni pamene mulipo, ndipo zoti munalephera kulowa muzilembenso m'dandaulo lomwelo. Mapepala enieni, buku la kuchipatala, kalata yolembedwera ntchito ndi timapepala ta malipiro, azikhala kwa inu. Kwa ena muzipereka mafotokope okha.