Okonda mfuti ku America samayankha mademo ndi zipolopolo ayi

Pali maganizo akalekale oti anthu akachita mademo ofuna malamulo okhwima a mfuti ku America, okonda mfuti amangobwera ndi mfuti zawo nkuyambitsa chipwirikiti. Sizili choncho, ndipo zimandipweteka chifukwa tikamaganiza motere sitiona komwe nkhondo yeniyeni imamenyedwera.

Taonani za 2018. Pa 14 February mnyamata wina anapha anthu 17 pasukulu ina ku Parkland, Florida, ndiye pa 24 March ana asukulu anadzaza misewu ya Washington pa mademo ofuna malamulo okhwima a mfuti otchedwa March for Our Lives atanyamula zikwangwani, ena akulira. Koma Florida itangosaina lamulo lokweza zaka zogulira mfuti kufika 21, tsiku lomwelo bungwe la okonda mfuti la NRA linathamangira kukhoti kukasuma. Ndiye yankho lawo limenelo, maloya, makhoti ndi mavoti, atagwiritsitsa Second Amendment ya 1791, gawo la malamulo oyendetsera dziko la America lopereka ufulu wokhala ndi mfuti, ndipo khoti lalikulu linagamula mowakomera pa milandu ina ya mfuti mu 2008 komanso mu 2022.

Inde nawonso amapanga mademo awo. Pa 20 January 2020 ku Richmond, Virginia, kunasonkhana anthu pafupifupi 22,000 otsutsa malamulo atsopano a mfuti omwe ankakonzedwa kumeneko, ambiri mfuti zili paphewa masanasana apolisi akuona poti kumeneko lamulo linkalola, zoopsa kuziona eti, koma panalibe anawombera olo kamodzi. Makhonsolo ambiri a ku Virginia komweko anali atalengeza kale kuti safuna ndalama zawo zikagwire ntchito yokakamiza malamulo atsopanowo.