Broken Hill: tauni imene inagula mpumulo ndi njala ya miyezi 18

Nyengo yozizira ikafika ku Australia, kuyambira mu Epulo mpaka cha mu Sepitembala, msewu wa Barrier Highway umadzaza ndi makalavani. Ambiri ndi atsopano, zinyumba zoyera zokhala ndi sola padenga. Koma nthawi zina pamatulukira mdipiti wa mtundu wina: timakalavani tating'ono tobulungira ngati dzira, ta zaka za m'ma 1950 ndi 1960, tina ta matabwa opyapyala opaka penti, tina ta aluminiyamu, tikukokedwa ndi magalimoto a Holden a msinkhu womwewo. Eni ake ndi a magulu okonda makalavani akale, anthu amene amadziwa kusiyanitsa Viscount ndi Millard, Franklin ndi Sunliner ali chapatali. Akafika ku Broken Hill, tauni ya migodi ya m'chipululu, amaimika mondandalika, kutsegula zitseko, anthu n'kumasuzumira m'kati: tebulo lopinda limene usiku limasanduka bedi, kabokosi koikamo ayezi m'malo mwa firiji, makatani a maluwamaluwa, makapu a enamelo opachikidwa pa timisomali. Kukacha amanyamuka kukaona malo. Amapita ku Silverton, mtunda wa makilomita 25, amakaona ziboliboli za miyala za ku Living Desert dzuwa likamalowa, amajambulitsa pa Argent Street.

Alendo oterewa tauniyi ikuwafuna kwambiri. Mu 1915 munali anthu pafupifupi 35,000. Kalembera wa 2021 anapeza osakwana 18,000. Pa 20 Januwale 2015 Broken Hill inakhala mzinda woyamba kulembedwa wathunthu pa mndandanda wa malo amene dziko la Australia limasunga chifukwa cha mbiri yake, ndipo mu 2025 ulemuwu unakwanitsa zaka 10. Koma miyezi yochepa chabe chikondwererochi chisanafike, mu Epulo 2024, nyuzipepala ya Barrier Truth inatsekedwa. Inali ya mabungwe a ogwira ntchito, ndipo inayamba mu 1898. Ndiye funso limene limazungulira pakati pa eni tauni ndi loti: alendo akabwera, tikuwaonetsa chiyani? Makonde okongola a mahotela akale, kapena chimene chinachitikira anthu amene ankamwa m'mahotelamo akaweruka pansi?

Za chiyambi cha tauniyi timabuku ta alendo timazifotokoza mokwanira, choncho ndingodutsamo. Dera ili ndi la anthu a mtundu wa Wilyakali kuyambira kalekale. Wofufuza maiko wa ku Britain, Charles Sturt, anadutsako mu 1844 nalemba za phiri looneka ngati lothyoka, m'pamene panachokera dzina. Mu Sepitembala 1883 Charles Rasp, amene ankayendera mpanda wa famu ya nkhosa ya Mount Gipps pa hatchi, anakhoma zikhomo paphiripo akuganiza kuti miyala yakudayo ndi ya tini. Iye ndi anzake asanu ndi mmodzi anasonkherana ndalama, ndipo chimene anapeza chinali siliva, mtovu ndi zinki, mtsempha wa makilomita oposa asanu ndi awiri, umodzi mwa yolemera kwambiri padziko lonse. Mu 1885 anakhazikitsa kampani ya Broken Hill Proprietary, BHP imene lero ili pakati pa zimphona za migodi. Ofufuza ena amati Rasp silinali dzina lake lobadwa nalo, ndipo nkhani yoti gawo lina la masheya linasinthana manja pa masewera a makhadi imakambidwa mosiyanasiyana. Phiri lenilenilo kulibenso, analikumba lonse. Chimene mlendo amaona chitatchinga pakati pa tauni ndi chimulu cha miyala yotayidwa kuchokera pansi. Ngakhale kuti ili m'chigawo cha New South Wales, tauniyi ili pa mtunda wa makilomita oposa 1,100 kuchokera ku Sydney ndi pafupifupi 500 kuchokera ku Adelaide. Njanji yake yoyamba, mu 1888, inaloza ku South Australia, ndipo mpaka lero mawotchi a ku Broken Hill amayendera nthawi ya ku Adelaide.

Misewu anaipatsa maina a za mu mgodi: Oxide, Sulphide, Chloride, Bromide, Cobalt. Anthu okhala m'misewuyi ankapuma zomwezo. M'zaka zoyambirira ng'anjo zosungunulira miyala zinali m'tauni momwemo, utsi wa mtovu ukugwera pamadenga pamene anthu ankakingira madzi akumwa. Pansi, makina obowolera ankagwira ntchito mouma, fumbi lili tolo, ndipo linkakhazikika m'mapapo mpaka munthu wa zaka 40 kumalephera kukwera sitepe ya pakhomo pake. Amene anayenda ku Wenela kapena ku Teba, kaya amene anasamalirapo agogo obwera ndi chifuwa cha ku Joni, safunika kumulongosolera zambiri. Ogwira ntchito ananyanyala mu 1892 nagonja, atsogoleri awo n'kumangidwa. Mu 1909 BHP inadula malipiro n'kuwatsekera kunja miyezi ingapo. Pa nthawi ya nkhondo yoyamba ya padziko lonse, pofuna sabata ya maola 44, anangogwirizana zosiya kubwera kuntchito Loweruka masana, ndipo mu 1916 anaipeza.

Kenako panadza 1919. Kwa ine apa m'pamene tauniyi inatembenukira.

Sitalaka yaikulu ya m'migodi ya chaka chimenecho sinayambe mwaulemu ngati mmene zikwangwani za masiku ano zimaionetsera. Mu Meyi 1919 inabuka pa mkangano wa pakati pa mabungwe okhaokha, kulimbirana kuti wogwira ntchito wakutiwakuti akhale membala wa bungwe liti. Olemba amene amamvera chisoni makampani amakonda kuima pamenepa, ndipo sakunama. Koma bungwe lalikulu la okumba, Amalgamated Miners' Association, litangoona kuti migodi yaima, linatulutsa zimene zinali kukhosi kwa zaka makumi atatu: maola achepe, ntchito ya usiku ithe, fumbi lithetsedwe, ndipo wodwala chifuwa kapena mtovu alandire chipukuta misozi pamodzi ndi banja lake. Makampani anati matendawo akukokomezedwa. Okumba anati, ngati zili choncho, tiyezeni.

Miyezi inayamba kusanjikana. Chaka chomwecho mliri wa fuluwenza unali ukusesa Australia yense. Mabungwe a m'madoko, m'migodi ya malasha ndi m'mafakitale a kutali ankatumiza zopereka, ndipo bungwe linkagula chakudya chambiri n'kumagawa ndi makuponi. Chimene mabanja a kumeneko amakumbukira mpaka lero ndi mbatatesi, anyezi, buledi ndi jamu, tsiku ndi tsiku, ndiwo ya nyama ikakhalapo ndiye kuti wina wakola kalulu kutchire. Taganizirani nyumba ya malata okhaokha, makoma ndi denga lomwe, m'chipululu chimene kutentha kumapitirira madigiri 40 mu Januwale, madzi ogula, ana akudwala, bambo ali pakhonde kutsokomola, ndipo Khirisimasi ikudutsa opanda malipiro. Amuna ambiri anachoka kukasaka maganyu kwina. Otsala anapirira chirimwe chonse, nyengo yozizira yachiwiri, mpaka Novembala 1920. Miyezi 18.

Nyuzipepala ziwiri za m'tauni zinalemba sitalakayi ngati zikunena za maiko awiri. Ya mabungwe, imene pa nthawiyo inkatuluka tsiku lililonse ndi dzina loti Barrier Daily Truth, inkaona ngwazi zokhazokha. Barrier Miner kawirikawiri inkadzudzula atsogoleri a sitalaka. Woziwerenga ayenera kuika iliyonse pa sikelo. Zonse ziwiri zinadzaza masamba ndi zolankhula za amuna pamisonkhano ya ku Trades Hall, nyumba ya mabungwe, pamene mawu a amayi amene ankagawa mbatatesi zisanu kwa anthu asanu ndi atatu amamveka mwa apo ndi apo. A Wilyakali ndiye sapezekamo n'komwe. Umboni umene ndimaudalira kwambiri suchokera ku mbali iliyonse mwa ziwirizi. Boma la New South Wales linakhazikitsa komiti ya akatswiri yotsogoleredwa ndi Pulofesa Henry Chapman wa ku yunivesite ya Sydney, ndipo inayeza okumba zikwizikwi, kuwaunika m'chifuwa ndi makina a X-ray. Inapeza matenda a fumbi, chifuwa chachikulu ndi zizindikiro za mtovu m'thupi. Mkangano woti kaya matendawo alipo unathera pomwepo.

Pali amene amati, tsono chinapambana ndi sayansi, njala ija inali yosafunika. Ine sindikuona kuti madokotala akanatumizidwa kuchipululu ndi makina awo migodi ikanakhala ikugwira ntchito. Panalinso ndale. Phungu wa deralo, Percy Brookfield, nayenso anali wokumba, ndipo chitatha chisankho cha 1920 boma la New South Wales la chipani cha Labor, lotsogoleredwa ndi John Storey, silikanaima popanda voti yake. Anaigwiritsa ntchito voti imeneyo. Chigamulo cha woweruza Edmunds chinathetsa sitalaka, ogwira ntchito pansi anapeza sabata ya maola 35, malamulo a mpweya ndi othira madzi pobowola anakhwima, ndipo nyumba ya malamulo inapanga lamulo lapadera la chipukuta misozi la Broken Hill yokha mu 1920. Nthawi imeneyo ogwira ntchito ambiri mu Australia ankagwira maola 48.

Chisangalalo chinali chosakanikirana. Mitengo ya zitsulo inali itayamba kugwa, ndipo ambiri amene anapirira miyezi 18 sanapeze ntchito msanga. Ena kuyezedwa komwe kuja kunawachotsa pansi mpaka kalekale. Brookfield sanakhalitse: pa 22 Malichi 1921, pa siteshoni ya sitima ya Riverton ku South Australia, munthu wina anayamba kuwombera apaulendo, iye anamuthamangira kuti amulande mfuti, ndipo anawomberedwa n'kumwalira. Maliro ake ku Broken Hill anaperekezedwa ndi anthu zikwizikwi.

Zaka zotsatira zinali za bata, ndipo bata silikhala ndi nkhani zambiri. Mu 1923 mabungwe anapanga Barrier Industrial Council, imene kwa zaka makumi ambiri inkalamula tauniyi kuposa khonsolo. Mu 1925 anagwirizana za bonasi yotsata mtengo wa mtovu, imene nkhondo yachiwiri itatha inanenepetsa malipiro kwambiri. BHP inasiya kukumba kumeneko mu 1939, makampani ena n'kupitiriza. Mu 1936 Albert Morris, wodziwa za zomera, mothandizidwa ndi kampani ya migodi ya Zinc Corporation, anayamba kutchinga malo ozungulira tauni kuti tchire limerenso ndi kuletsa mchenga umene unkakwirira mipanda. Ulamuliro wa mabungwe unalinso ndi mbali yake yowawa, ndipo n'kulakwa kuibisa: ntchito za mu mgodi zinkasungidwira obadwira kapena okhalitsa m'deralo, ndipo mkazi akakwatiwa ankayenera kusiya ntchito, lamulo limene linagwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980.

Apa m'pamene makalavani aja amakumana ndi mbiriyi. Kalavani ya matabwa ya mu 1958 inagulidwa ndi banja limene bambo ake anali ndi tchuthi cholipidwa ndi kandalama kotsala. Mu Australia tchuthi cha pachaka chinafika masabata atatu kwa ambiri mu 1963 ndi anayi mu 1974, ndipo zaka zimenezi ndi zomwe mafakitale a makalavani anachulukira. Sindikunena kuti Broken Hill yokha ndiyo inabweretsa zonsezi. Koma mfundo yoti munthu wa manja a zikang'a ayenera kutsala ndi nthawi ndi mapapo oti n'kupita nawo kunyanja ndi ana ake inamenyeredwa m'malo ngati awa, ndipo kuno inalipiridwa modula. Mlendo amene wakwera pamwamba pa chimulu chija amapeza chipilala cha Line of Lode, chotsegulidwa mu 2001: makoma a chitsulo cha dzimbiri, m'kati mwake magalasi olembedwa maina oposa 800 a anthu amene anafera ntchito ya mu mgodi, lililonse ndi tsiku ndi chimene chinamupha. Kugwa kwa mwala, kugwera m'dzenje, kuphulika kwa wonga. Ena anali anyamata chabe. Pambali pa maina pamakhala maluwa, ndipo mphepo ya m'chipululu imawomba modutsa pakati pa makomawo.

Dzina la tauniyi linafikanso kwathu kuno. Mu 1902 katswiri wa migodi T. G. Davey atapeza mtovu ndi zinki m'dera lapakati la dziko limene lero ndi Zambia, anatcha malowo Broken Hill potengera ya ku Australia, ndipo dzinali linakhala mpaka ufulu utabwera pamene linasinthidwa kukhala Kabwe. Mgodi wa ku Kabwe unatsekedwa mu 1994, koma mtovu unatsala m'dothi ndi m'magazi a ana. Mlandu umene anthu a kumeneko anasumira kampani ya migodi ya Anglo American ku Johannesburg mu 2020, umene kampaniyo imaukana, khoti linakana mu Disembala 2023 kuti upitirire ngati wa gulu, ndipo odandaula anachita apilo.

Ku Broken Hill ya ku Australia nakonso mtovu sunathe. Migodi ikugwirabe ntchito, ngakhale ndi anthu ochepa. Ana osakwana zaka zisanu amayezedwa magazi kawirikawiri, ndipo chaka ndi chaka ambiri amapezeka atapitirira mlingo wa mamaikirogalamu 5 pa desilita umene azaumoyo amati ukapitirira afufuze gwero lake. Ana a eni nthaka, a mitundu ya Aboriginal, ndiwo amakhudzidwa kwambiri. Anthu amatsutsana ngati vuto lalikulu ndi fumbi lakale la m'dothi kapena lochokera ku ntchito ya lero. Alendo akamamangirira makalavani awo kuti abwerere, makolo a m'misewu ya kumunsi kwa chimulu amakhala akutsata malangizo amene amapatsidwa kuchipatala: kusambitsa ana m'manja asanadye, kukolopa ndi nsanza yonyowa m'malo mosesa, kusiya nsapato panja, ndi kusamwa madzi a mvula okingidwa padenga.