Nkhokwe ya TCGA: ndani aloledwa kuitsegula, ndipo muli chiyani za methylation ndi khansa?

Wophunzira akangoyamba kafukufuku wa majini (tizigawo ta DNA) a khansa sachedwa kumva dzina loti TCGA. Ena amabwerera pakhomo poganiza kuti nkhokweyi ndi ya mapulofesa okhaokha, pomwe ena amangolowa osadziwa kuti muli zipinda zina zokhoma. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene amakonda kubwera, makamaka kwa amene akufuna deta ya methylation.

Kodi TCGA n'chiyani, ndipo mwini wake ndani?

Dzina lonse ndi The Cancer Genome Atlas. Ntchitoyi inayamba mu 2006 ku United States, ndipo anaiyendetsa ndi mabungwe awiri a boma, National Cancer Institute ndi National Human Genome Research Institute, onse ali pansi pa National Institutes of Health (NIH), bungwe la boma loona za kafukufuku wa zaumoyo. Anayamba ndi khansa zitatu zokha: ya mu ubongo yotchedwa glioblastoma, ya m'mapapo, ndi ya m'thumba la mazira mwa amayi. Pomafika 2018 anali atapima zotupa za odwala okwana ngati 11,000, za mitundu 33 ya khansa. Kuyambira 2016 deta yonseyi imasungidwa pa Genomic Data Commons, imene anthu amangoitchula kuti GDC.

Nanga methylation n'chiyani, ndipo ikukhudza bwanji khansa?

DNA imalembedwa ndi zilembo zinayi: A, C, G ndi T. Pali kachidutswa kakang'ono kotchedwa methyl kamene kamamatira pa C, kawirikawiri pamene C yatsatana ndi G. Malo otero amatchedwa CpG, ndipo mwa munthu alipo okwana ngati 28 miliyoni. Kumatira kwa methyl kumeneku ndiye methylation. Kachidutswaka sikasintha chilembo ayi. Chimene kamasintha ndi kawerengedwe: pamene jini imayambira pakamatidwa kwambiri, nthawi zambiri jiniyo imakhala chete, selo siiwerenganso.

M'selo la khansa dongosololi limasokonekera. Mu 1983 Andrew Feinberg ndi Bert Vogelstein anaona kuti DNA ya m'zotupa imataya methyl m'malo ambiri. Pambuyo pake kunadziwikanso kuti chotupa chomwecho chimaunjika methyl poyambira majini amene amateteza thupi, n'kuwatseka pakamwa. Jini ya MLH1, imene imakonza zolakwika mu DNA, imatsekedwa motere mu khansa zina za m'matumbo.

Chitsanzo chimene chimandikhudza kwambiri ndi cha MGMT. Jini imeneyi imakonza DNA yowonongeka. Mankhwala a temozolomide, amene amaperekedwa kwa odwala glioblastoma, amagwira ntchito powononga DNA ya chotupa. Ndiye ngati MGMT ya m'chotupamo ili maso, imakonza zimene mankhwala awononga. Ngati yatsekedwa ndi methyl, mankhwala amagwira bwino. Taonani: kachidutswa kosaoneka ndi maso, koma dokotala amakayang'ana pokambirana ndi wodwala za chithandizo. N'chifukwa chake deta imeneyi ili yofunika kuisamala ndi kuiwerenga bwino.

Kodi ndingatenge deta ya methylation popanda kupempha chilolezo?

Inde. GDC imagawa deta pawiri: yotseguka ndi yokhomedwa. Manambala a methylation ochokera ku makina opimira a kampani ya Illumina ali mbali yotseguka, pamodzi ndi manambala osonyeza mmene jini iliyonse ikugwirira ntchito, komanso mbiri ya matenda imene anachotsamo mayina. Simufunika ngakhale kutsegula akaunti. Muli ndi intaneti ndi kompyuta, mwatha.

Zokhomedwa ndi zimene zingaulule munthu: mafayilo a BAM okhala ndi zilembo zonse za DNA monga zinatulukira m'makina, ndi kusiyana kwa majini kumene munthu anabadwa nako.

Mayina anachotsa kale, ndiye kukhomanso n'kwa chiyani?

Chifukwa DNA payokha ndi dzina. Mu 2008 Nils Homer ndi anzake anasonyeza kuti ngati uli ndi DNA ya munthu, ungadziwe ngati munthuyo ali m'gulu la anthu ambiri amene deta yawo inaphatikizidwa pamodzi. NIH itaona zimenezi inachotsa poyera deta ina imene poyamba inali yotseguka. Kumbukiraninso kuti DNA ya munthu si yake yekha. Imanenanso za ana ake, za abale ake, anthu amene sanasaine fomu iliyonse. Odwala anapereka zotupa zawo ali pa nthawi yovuta kwambiri m'moyo wawo, ambiri akudziwa kuti phindu lake adzaliona ndi ena. Ine ndimaona kuti lamuloli ndi laling'ono poyerekeza ndi chimene iwo anapereka.

Ngati ndikufunadi deta yokhomedwa, ndiyambire pati?

Pempho limadzera ku dbGaP, nkhokwe ina ya NIH, ndipo nambala ya TCGA kumeneko ndi phs000178. Wopempha ayenera kukhala mkulu wa kafukufuku wolembedwa ntchito pa yunivesite kapena bungwe lodziwika, ndipo akhale ndi akaunti ya eRA Commons, tsamba la NIH lolembetsera ofufuza ndi mabungwe awo. Wophunzira sapempha yekha. Amamupemphera ndi amene akumuyang'anira, n'kumulemba pa mndandanda wa ololedwa.

Mkuluyo amalemba mwachidule chimene akufuna kufufuza. Kenaka munthu amene bungwe linamupatsa mphamvu zosaina m'malo mwake amavomereza, kutanthauza kuti bungwe lonse latenga udindo. Pomaliza komiti ya NIH yoona za deta imaunika pempholo. Chilolezo chimakhala cha chaka chimodzi. Chikatha mumapempha kuti achiwonjezere, apo ayi mumatseka ntchitoyo ndi kufufuta mafayilo.

Pamene ambiri amachedwera ndi pa bungwe lawo lomwe, ngati silinalembetse ku eRA Commons. Yambani mwafunsa zimenezo musanalembe chilichonse.

Ndikasaina ndiye kuti ndalonjeza chiyani?

Kuti simudzayesa kuzindikira wodwala aliyense kapena kumufunafuna. Kuti detayo mudzaigwiritsa ntchito pa kafukufuku amene munalemba yekhayo. Kuti simudzapatsa munthu amene sali pa chilolezo, ngakhale mnzanu wa pa yunivesite ina amene mukugwira naye ntchito. Ameneyo bungwe lake lipemphe palokha. Kuti mudzasunga mafayilo pa makompyuta otetezedwa, ndipo akatayika kapena kubedwa mudzauza NIH mwachangu. Wophwanya izi akhoza kulandidwa chilolezo.

Pali malipiro? Nanga amene sali ku America?

Malipiro palibe, ndipo ofufuza a m'mayiko ena amaloledwa kupempha. Koma kuyambira mu 2025 NIH inaletsa deta yokhomedwa ku mabungwe a m'mayiko ochepa monga China, Russia ndi Iran.

Ndatenga fayilo, muli manambala a pakati pa 0 ndi 1. Ndiwawerenge bwanji?

Amenewo ndi ma beta value. Nambala yoyandikira 0 ikutanthauza kuti pa CpG imeneyo palibe methyl m'maselo ambiri. Yoyandikira 1 ikutanthauza kuti pafupifupi onse amatidwa. Apa ndi pamene ndikupempha kuti mudekhe, chifukwa kutsitsa fayilo n'kosavuta koma misampha ili m'kati.

TCGA inagwiritsa ntchito zida ziwiri. Chakale, 27K, chimapima malo okwana ngati 27,000. Chatsopano, 450K, chimapima okwana ngati 485,000. Ngakhale chachikulucho sichifika pa magawo awiri mwa 100 a CpG zonse, ndiye pamene mulibe nambala sindiye kuti palibe nkhani. Mukasakaniza zotsatira za zida ziwirizi osasamala, mudzapeza kusiyana kumene kwachokera ku chida, osati ku khansa.

Chotupa nachonso sichikhala ndi maselo a khansa okhaokha. Mumakhala maselo a chitetezo cha mthupi, a mitsempha ya magazi ndi ena, onse ndi methylation yawoyawo. Nambala ya 0.5 ingatanthauze kuti theka la chidutswa cha chotupa chimene anapima silinali khansa n'komwe. Yang'ananinso nambala ya chidutswa chilichonse: 01 ndi chotupa choyamba, 11 ndi mnofu wabwino wa pafupi. Ma 11 ndi ochepa kwambiri, ndipo pa khansa zina palibiretu, choncho kuyerekeza chotupa ndi mnofu wabwino kumakhala kofooka.

Mukapeza kuti methyl yachuluka ndipo jini yakhala chete, musafulumire kunena kuti ichi ndiye chachititsa icho. Nthawi zina jini imayamba yatsekedwa mwa njira ina, methyl n'kubwera pambuyo. Ndipo odwala ochuluka kwambiri mu TCGA ndi azungu; zimene mwapeza si kuti zidzafanana mwa anthu a mitundu yonse.

Sindidziwa kulemba mapulogalamu a kompyuta. Ndagwa pamenepa?

Ayi ndithu. cBioPortal, imene inayambira ku Memorial Sloan Kettering ku New York, ndi UCSC Xena ya ku California zimakulolani kulemba dzina la jini n'kuona methylation yake pambali pa kagwiridwe kake ka ntchito. Zonse zimaonetsa deta yotseguka ya TCGA.

Kupatula TCGA, kulinso kwina?

GEO, nkhokwe ya NCBI (nthambi ina ya NIH), imasunga deta imene ofufuza amaika akasindikiza ntchito zawo, ndipo muli methylation yambiri, ngakhale ubwino wake umasiyana malinga ndi amene anaika. ENCODE, ntchito yofufuza chimene mbali iliyonse ya DNA imachita, imene inayamba mu 2003, imathandiza kudziwa ngati CpG yanu ili pa malo amene amayatsa kapena kuzimitsa jini. Ku Ulaya kuli EGA, yosunga deta yokhomedwa, ndipo kumeneko deta iliyonse ili ndi komiti yakeyake. Chilolezo cha dbGaP sichitsegula EGA. Mumayamba pempho latsopano.