Nyumbu ya mchira woyera ikusungunukira mu fensi

Amene munakhalako ku Joni mukuikumbukira R5 yachitsulo yakale ija, ili ndi kanyama kodumpha mchira uli m'mwamba? Imeneyo ndi nyumbu ya mchira woyera, azungu amati black wildebeest, kwawo ndi kuzidikha za udzu zopanda mitengo monga ku Free State ndi ku Karoo. Nyanga zake zimapita kutsogolo, kutsika kenako n'kukwera ngati mbedza. Ija mumaiona pa TV ikuwoloka mtsinje ku Serengeti ndi m'bale wake, ya mchira wakuda, yojintcha, nyanga zotambalalira m'mbali.

Pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 alenje anali atazipulula za mchira woyerazi, zinangotsala mazana ochepa m'mafamu angapo. Anthu anazisamala zinaswananso, mpaka lero zilipo masauzande. Koma ife a ntchito ya zanyama chimatisowetsa tulo pano si mfutinso, ndi lole yonyamula nyama.

Mitundu iwiriyi inapatukana zaka pafupifupi 1 miliyoni zapitazo, ina n'kuzolowera chidikha ndi chisanu, ina tchire la mitengo, ndipo ngakhale kale zinkakumanako pena ndi pena, dziko linali lotakasuka, iliyonse inkapeza mwamuna kapena mkazi wa mtundu wake. Ndiye mu 1991 South Africa inakhazikitsa lamulo la Game Theft Act loti nyama zomwe wazitsekera mu fensi yoyenera ndi katundu wako, basi nyama zinasanduka bizinesi, kumagulitsidwa pa okushoni ngati ng'ombe, ndipo mwini famu pofuna kuti mlendo kapena mlenje wolipira aone zonse ziwiri ankangozithira malo amodzi. Nkhunzi ya mchira wakuda imatha kufika makilogalamu 250, ya mchira woyera siikwana n'komwe 200. Nyengo yokwerana ikafika mwadziwa kale amene athamangitse mnzake n'kutsala ndi zazikazi.

Wina anena kuti nanga si bulu ndi hatchi amaberekanso nyulu, dziko silinathe. Eya, koma nyulu ndi chumba. Hatchi ili ndi ma chromosome 64, bulu 62, mwana amatenga 63 ndiye mbewu yake siipangika bwino, nkhani imathera pa iye yemweyo. Ma chromosome ndi timitolo tomwe mumakhala majini, ndipo apa sindikunena majini ogwira anthu aja ayi, ndikunena malangizo a chibadwa omwe mwana amatengera kwa makolo. Nyumbu ziwirizi zonse zili ndi 58. Mwana wake amabereka bwinobwino.

Haibulidi yoyamba, mwana wobadwa kwa mitundu iwiriyi, siivuta kuizindikira, nyanga zimakhala za pakatikati, mchira wosadziwika bwino mbali yake. Koma ikakweredwa ndi ya mchira woyera yeniyeni, mwana wakeyo n'kukweredwanso, pofika kwa chidzukulu maso sangakuthandizeni, ngakhale munthu amene wakalambira m'tchire amapusitsika. Imakwezedwa lole ngati yeniyeni, n'kukathira magaziwo m'gulu lina lomwe linali loyera. Zigaza za mahaibulidi a ku Spioenkop ku KwaZulu-Natal ataziyeza anapeza zina zili ndi mano omera molakwika komanso mafupa olumikizana modabwitsa. Ndipo magazi akasakanikirana palibe sefa yowalekanitsa, chomwe chimachitika n'kupha gulu lonse lomwe likukayikitsa.

Bontebok, nyama ina ya nyanga ya ku South Africa konko, nayo ili m'madzi omwewo. Mu 1931 anaitsegulira paki yakeyake zitatsala zosaposa 30, lero ikusakanikirana ndi blesbok, m'bale wake wapafupi amene kale ankatalikirana naye makilomita mazanamazana, anthu ndi amene anazikumanitsa.

Funso limene alimi amandifunsa ndi la nkhuku, amati si tinkasakaniza za mikolongwe ndi zalokolo n'kumapeza zonenepa zoikira bwino? Zoona, pakhomo kusakaniza kumapindulitsa, chifukwa pali inu wopereka madeya ndi katemera wa chitopa, ndipo zikakanika mukagula tambala wina. Kutchire kulibe wopereka madeya. Chibadwa cha nyama ndicho chimaiuza nthawi yobereka kuti mwana apeze msipu wanthete, ubweya wa chisanu cha kwawoko, mphamvu yolimbana ndi nkhupakupa za m'deralo, ndiye mukasakaniza mumasokoneza dongosolo lomwe linatenga mibadwo yosawerengeka, ndipo mtundu weniweniwo ukatha kulibe sitolo yokagulako. N'zoonanso kuti kagulu kakang'ono kongokwerana pachibale kamafooka, kamafuna magazi atsopano, koma azichokera ku mtundu womwewo, atayezedwa. Kuyezako si ntchito yoopsa: nyama ikagonekedwa ndi jakisoni timadula kachikopa kakang'ono kukhutu kapena kuzula tsitsi la kumchira ndi mizu yake, n'kutumiza ku labu akaone DNA lole isanalizidwe.

Kwathu kuno nyama zimasamutsidwanso. Majete inadzazidwanso kuyambira 2003 bungwe losamalira nyama la African Parks litalowa, ndipo mu 2016 ndi 2017 njovu pamodzi ndi mphalapala ndi nyama zina zinapita ku Nkhotakota kuchokera ku Liwonde ndi ku Majete, za dziko limodzi, chimene ine ndimati ndiye nzeru. Koma nyumbu yathu, ija ya mzere woyera wopingasa pamphuno, inatha m'Malawi cha m'ma 1920, yatsala ku Niassa ku Mozambique ndi kumwera kwa Tanzania. Ku Luangwa ku Zambia kuli nyumbu ina yotchedwa ya Cookson, siipezeka kwina kulikonse. Tsiku lina wina akadzati tibwezeretse nyumbu m'Malawi, zotchipa komanso zosavuta mapepala mwina zidzakhala za m'mafamu a ku South Africa, koma ine ndikadzafunsidwa ndidzati lole ipite ku Niassa.