Ian McHarg ndi ngalande za ku The Woodlands

The Woodlands, tauni ija ili kumpoto kwa Houston ku Texas, inakwanitsa zaka 50 mu Okutobala 2024, ndipo mkangano wakale uja sunathebe: kodi mapulani a Ian McHarg, katswiri wokonza mapulani a malo yemwe anathandiza kuikonza, analephera, kapena eni malo anangowataya panjira?

McHarg anabadwira ku Clydebank ku Scotland mu 1920. Anamenya nawo nkhondo yachiwiri, kenako maphunziro ku yunivesite ya Harvard, kenako uphunzitsi ku University of Pennsylvania, za izi tisachedwepo. Mpofunika ndi 1969 pomwe anatulutsa buku lake Design with Nature. Mkulu wina wolemera ndi gasi, George Mitchell, analiwerenga nkumuitana kuti adzaone nkhalango yake ya mapaini yomwe amafuna kumangapo tauni.

Malo ake ndi athyathyathya, mvula ikagwa madzi amangoti tayale osadziwa kolowera. Mainjiniya mwachizolowezi akanadula mitengo, kukumba, kuika mapaipi akuluakulu pansi basi. McHarg ndi anzake a kampani ya WMRT anayamba ndi dothi. Ankajambula mapu pa mapepala oonekera mkati, ina ya dothi, ina ya mitengo, ina ya madzi apansi, nkumazisanjikiza kuti aone pomangika ndi posamangika, nzeru yomwe lero makompyuta amachita ndi mapulogalamu osanjikiza mapu otchedwa GIS. Pamchenga pomwe pamamwa madzi anati pasiyidwe, nyumba zambiri zipite pa dothi lamakande lomwe silimwa madzi kale, ndipo m'mbali mwa misewu mukhale ngalande zosaphimba zomera udzu zopititsa madzi kumadambo. Mitchell sanakopeke ndi kukongola kokha ayi, anauzidwa kuti njirayi ipulumutsa madola pafupifupi 14 miliyoni.

Ndiye inabwera mvula ya Epulo 1979, masentimita 23 m'maola osakwana asanu, madera oyandikana nawo anamira koma mu The Woodlands akuti panalibe nyumba yomwe inalowa madzi. Ndati akuti chifukwa nkhaniyi imafotokozedwa kwambiri ndi McHarg mwini ndi anthu omwe anagwira naye ntchito, ndipo mkuluyu sanali wamanyazi podzitama, komanso nthawi imeneyo tauni inali ikadali yaing'ono, mbali yaikulu inali thengo. Komabe sindikuona chifukwa choikanira, ofufuza omwe anabwera pambuyo monga Bo Yang anayerekeza midzi yoyamba ngati Grogan's Mill ndi yomangidwa mochedwa nkupeza kuti yoyambayo imagwira bwino madzi.

Chomwe chinasintha zinthu ndi ogula nyumba. Ambiri ankati ngalande zija nzosaoneka bwino, amafuna msewu wa konkire wooneka wa mtauni, ndiye midzi yatsopano inayamba kumangidwa ndi mapaipi ngati kwina kulikonse, ndipo 1997 Mitchell anagulitsa zonse. Apa nkuti McHarg atachoka kalekale ku WMRT mu 1979, ntchito yake ya paki ya Pardisan ku Tehran itagwa limodzi ndi ufumu wa Shah, mfumu ya dziko la Iran.

Mphepo yamkuntho ya Harvey itabwera mu 2017 nyumba mazanamazana zinamira ku Creekside Park, umodzi mwa midzi yatsopano ya The Woodlands, eni ake anakasuma kukhoti. Ena amati mvula yochuluka ngati ija palibe pulani yomwe ikanaipirira, mwina akunena zoona. Kungoti mudzi umenewo unatsegulidwa 2007, McHarg anali atamwalira pa 5 Malichi 2001.